Kanjedza wa Mchira wa Nsomba ndi Chisanu cha Kudimba

Mundikhululukire, inu amene mukuwerenga, kuti ndalimba mtima n'kulemba. Ine si munthu wa mabuku. Sukulu yanga inali yoyendera ya kwathu kuno ku Lirangwe, ndipo ngakhale m'kalasimo ndinali uja wokhala pakona, amene aphunzitsi akamuloza amayamba wayang'ana pansi. Nkhani yakenso si yaikulu. Ndi ya mbande za mitengo, chisanu, ndi ntchito ina imene ndinkaifuna kwambiri. Ndikanatha kuikamba pakamwa ndikanangokamba, koma ndikaiyamba mawu amandithera pakhosi, anthu n'kumayesa kuti ndamaliza. Ndiye ndati ndiyese papepala. Pomwe ndalakwitsa mungokonza mumtima.

Amalume anga, achimwene awo a amayi, anagwira ntchito ya m'maluwa zaka zambiri m'mayadi a anthu olemera mu Blantyre. Msana utayamba kuwavuta anasiya, n'kutsegula nazale yawo m'mbali mwa msewu wa ku Chileka, kutsogolo kwa nyumba yawo. Ndege zikamatera zimadutsa pamwamba pa machubu awo odzalamo mbande. Ine nditamaliza Fomu 4 zotsatira sizinandikomere, ndipo amayi anati, "Pita kwa amalume ako. Ndiwe mphwawo, sangakutaye." Kwathu kuno mawu amenewo ndi olemera. Mwana wa mlongo amakhala ndi malo ake kwa amalume ake, ndipo ine ndinanyamula malo amenewo mumtima pamodzi ndi kachikwama kanga.

Nditafika ndinapeza kuti pamalopo pali kale munthu. Amalume ali ndi mwana wamkazi, msuweni wanga, wamkulu kwa ine ndi miyezi chabe. Iyeyo anaphunzira m'tauni, amayankhula ngati wailesi, ndipo saopa munthu. Tsiku loyamba lomwelo, ndisanatule n'komwe chikwama, anakuwa anthu ogula ali pomwepo: "Amayi, amuna anga afika! Koma abwera opanda kanthu, ngakhale nzimbe!" Ndi nthabwala za pachisuweni, aliyense amazidziwa, ndipo mnyamata wina akanabweza yake. Ine makutu anangotentha. Amalume anaseka mpaka kugwira msana wawo wodwalawo. Sindinawamvepo akuseka choncho chifukwa cha mawu anga.

Ntchito tinkagawana mosakambirana. Ine ndinkasefa dothi, kusakaniza manyowa, kudzaza machubu, kutunga madzi pachitsime ndi kukankha wilibala. Iye galimoto ikaima ankathamangira kumsewu, n'kuyamba kutchula mayina a maluwa m'Chingerezi ngati ndi abale ake. Wogula akapita, amalume ankati, "Mwana uyu akhoza kugulitsa ngakhale chisoso." Ine ndinkamwetulira, chifukwa ndinkaona kuti ndi zomwe zikufunika.

Tsiku lina amalume anabwera ndi thumba kuchokera kuyadi komwe ankagwira kale. Munali tizipatso tozungulira, tofiirira, tolendewera pa zingwe zazitali ngati mikanda. Anati ndi za kanjedza wina wachilendo amene anthu a m'maluwa amamutcha fishitelo. Anatulutsa tsamba limodzi kuti tione. Silinali ngati la kanjedza wa m'madambo mwathu kapena la mlaza. Kagawo kalikonse ka tsambalo kanali kotambalala kumapeto, kong'ambikang'ambika, ngati mchira wa chambo. Ife tinkangoti kanjedza wa mchira wa nsomba.

"Musendemo njere," amalume anatero. "Koma muvale majumbo m'manja. Madzi ake amayabwa kuposa chitedze."

Tinakhala pansi awiri. Msuweni wanga atasenda pang'ono galimoto inaima kumsewu, iye n'kuvula majumbo ake. "Amuna anga, gwirani kaye banja, ndikubwera." Sanabwerenso. Ine ndinasenda thumba lonse. Jumbo ya kumanja inabooka osadziwa, ndipo pofika madzulo dzanja linali litatupa, likuyabwa mpaka m'chigongono. Ndinalibisa m'thumba la kabudula. Amalume atabwera anayang'ana beseni lodzaza njere zotsukidwa bwino, n'kunena kuti, "Mwagwira ntchito, ana inu."

Ana inu. Mawu awiri amenewo ndinagona nawo, ndipo anandiyabwa nthawi yaitali kuposa dzanja lija.

Njerezo zimachedwa kumera. Miyezi inadutsa machubu ali chete, msuweni wanga n'kumati ndikuthirira manda. Kenako zinayamba kutuluka imodziimodzi, ndipo woyamba kuiona mphukira iliyonse ndinali ine. Dzinja linadutsa, lina linabweranso, mbande n'kufika m'mawondo, zina m'chiuno, masamba ake obiriwira kwambiri, onyezimira ngati apakidwa mafuta. Ndinkazidziwa iliyonse payokha. Ndinkadziwa yomwe imapendekera kudzuwa ndi yomwe nyerere zimaikonda.

Chimanga chitauma m'minda, kunaima galimoto yoyera. Munatuluka abambo ena amene ankamanga loji chakufupi ndi bwalo la ndege. Ataona mbande zija anaima. Msuweni wanga anali atafika kale pambali pawo, akuwauza kuti mitengo imeneyi mu Chileka monse ili pano pokha. Ine ndinali kuseri kwa shedi, kheni yothirira ili m'manja, ndikumva zonse. Abambo aja anati akuzifuna zonse, zidzandandalike kuchokera pageti mpaka pakhomo la lojiyo, koma adzazitenga nyengo yozizira ikamatha, amisiri akachoka. Kenako anauza amalume kuti, "Mundipezerenso mwana wodalirika woti azisamala maluwa onse a kumeneko. Ntchito yokhazikika, ndipo chipinda chogona chilipo."

Kheni ija inandilemera mwadzidzidzi. Ntchito yokhazikika, ndi chitseko changachanga. Amayi akanatha kunena kutchalitchi kuti mwana wanga ali pantchito ku Chileka.

Sabata yomweyo kunabwera uthenga woti achimwene awo aakulu a amalume akudwala kwambiri ku Phalombe, ndipo amalume anayenera kukakhala nawo. Chitsime cha panazale nachonso chinali chitayamba kutsika. Amalume anatiitana tonse awiri pansi pa shedi.

"Madzi pano sakwanira zonsezi," anatero. "Theka litsale pano ndi iwe, mwana wanga. Theka lina, mphwanga, upite nalo ku Lirangwe, kwa achemwali kuli madzi. Mtengo uwu kwawo n'kotentha. Ukadali waung'ono dzuwa lambiri sulifuna, ludzu sulipirira, koma mdani wake wamkulu ndi kuzizira. Amene azitulutse m'nyengo yozizirayi zili zobiriwira ndi amene ndikamuperekeze kwa abwana aja."

Ananena akuseka. Msuweni wanga nayenso anaseka, n'kuti, "Adadi, mukufuna ukwati wathu uthe?" Ine sindinaseke. Ndinawerama n'kuyamba kusankha machubu, ndipo ndinasiyira iye mbande zazikulu kuti asadzanene kuti ndinamudyera masuku pamutu. Amalume ali ndi sizasi yodulira nthambi, ya zigwiriro zofiira, imene anabwera nayo kuchokera kumayadi kuja. Sankalola munthu kuigwira. Pochoka anaipereka kwa mwana wawo, poti nazale inkatsala ndi iye. Zinali zomveka. Komabe ndinaiyang'ana mpaka anaikoleka pachitenje.

Mbande zanga zinapita pa galimoto ya mnzawo wa amalume imene inkalowera ku Zalewa. Ndinakhala kumbuyo, nditazifunditsa jekete yanga, ineyo ndikunjenjemera kuyambira pa Kameza mpaka kupitirira Lunzu.

Nyumba yathu ili pamtunda. Mwezi wa Juni mwera umawomba pamenepo osapuma, mpaka milomo kung'ambika. Nditatsitsa machubu pabwalo ndinaona masamba akugwedezeka, ndipo ndinamva chisoni ngati ndasiya khanda panja. Amayi anati, "Nanga ukuganizanso chiyani? Mbande kwawo n'kudimba." Anali kunena zoona za kwathu. Munthu aliyense kuno, kaya ndi tomato, anyezi kapena mpiru, nazale yake amaika kudimba. Dimba la amayi lili kumunsi kwenikweni, m'mbali mwa mtsinje, lozunguliridwa ndi bango ndi nthochi. Madzi ali pafupi. Mphepo siifika. Masana ukalowamo umavula juzi.

Ndinazitutira kumeneko pamutu, ziwiriziwiri m'beseni. Amayi anandipatsa bedi labwino koposa onse, lapansi penipeni pafupi ndi chitsime, pomwe ankafuna kuokerapo tomato. Ndinamweta udzu n'kumanga mpanda wautali kupitirira mutu wanga, wothithikana moti ngakhale nkhuku sikanaona mkati. Pamwamba ndinasiya poyera, popeza nthochi zinkapereka kale mthunzi masana. Madzulo alionse, nthawi yomwe timathirira ndiwo zamasamba, ndinkazithirira mokwanira, kuyambira kumasamba mpaka m'chubu. Fumbi likagwera ndinkalipukuta ndi kansalu. Anthu odutsa ankasuzumira pakhomo la mpandawo n'kumafunsa ngati zimadyedwa.

Amalume anaimba foni kamodzi ali ku Phalombe.

"Zili bwanji mbande, mphwanga?"

"Zili bwino kwambiri, amalume. Ndinaziika pamalo abwino. Madzi alipo, mphepo siifika."

"Wachita bwino."

Sanafunse kuti pamalo pake ndi pati, inenso sindinanene, chifukwa ndinkaona kuti n'zodziwikiratu. Ndinali ndi mafunso ena, koma ndinaopa kuwatayitsa nthawi ali pamatenda. Mawu oti wachita bwino ndinawauza amayi kawiri tsiku limenelo.

Chapakati pa Juni mtima unayamba kundivuta. Ndinkafuna kuona za mnzanga. Ndinathyola mpiru kudimba, n'kuuza amayi kuti ndikukapereka ndiwo ku Chileka. Ndinakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kukweranso ina. Njira yonse ndinkapemphera pemphero limene sindingalibwereze m'tchalitchi.

Panazale sindinazione. Msuweni wanga anali pampando, miyendo ili pa wilibala, akuseka ndi foni.

"Ee, amuna anga! Mwandisowa eti? Mwabweretsa mpiru basi? Anzanu amabweretsa nkhuku."

"Mbande zija zili kuti?"

"Moni kaye, aise. Zili kuseri uko. Zimanditchinga pano, makasitomala samaona maluwa."

Ndinazungulira nyumba. Anali atazikankhira pansi pa denga la khonde lakuseri, zitatsamira khoma la njerwa lomwe limawombedwa ndi dzuwa la masana onse. Pambali pake panali mbaula yomwe mayi ake amakazingirapo mandasi. Masamba anali otuwa ndi fumbi ndi utsi. Chubu china chinali chitapendekeka, ndipo pa mbande ina yaikulu panali patayanikidwa sokosi. Ndinapisa chala m'dothi, linali louma mpaka pakati.

Sindinama, mtima wanga unavina.

"Umazithirira liti?" ndinafunsa.

"Ndikakumbuka. Amayi amathiramo madzi otsukuluzira mbale. Bwanji, zanu mumazimwetsa tiyi?"

"Amalume anati ludzu sizipirira."

"Amalume anati, amalume anati. Inu mudzakwatira adadi kapena ine?"

Galimoto inaima kumsewu, iye n'kuthamangira komweko, sizasi yofiira ija ikugunda pantchafu. Ndinatsala ndekha kuseri. Nthawi yomweyo mbuzi ya oyandikana nawo inalowa pampata wa mpanda, n'kulunjika pa mbande zija. Inafika mpaka kununkhiza tsamba. Ndisanaganize n'komwe ndinali nditatola chibuma, mbuzi ikuthawa ikulira. Ndinatseka mpata uja ndi lata lakale, ndinaimika chubu chopendekeka chija, ndinachotsa sokosi, ndipo poti kheni inali pomwepo ndinazithiriranso. Msuweni wanga atabwera anati, "Mwamuna ndi ameneyu!" Mu minibasi pobwerera ndinadzikwiyira mpaka pa Lunzu. Kenako ndinakumbukira masamba otuwa aja, ndi anga onyezimira, mtima n'kukhala pansi.

Kumapeto kwa mweziwo kunachita chiperoni masiku angapo, kamvula kowaza ndi mitambo yotsika. Kenako tsiku lina madzulo kumwamba kunayera mbee, mphepo n'kuleka. Ndinakondwa kuti mwera watopa. Ndinathirira bwino lomwe monga mwa masiku onse, ndinatseka khomo la mpanda, n'kukwera kumtunda.

M'mawa mwake amayi anatsogola kudimba. Ndinamva akundiitana ndi mawu amene amaitanira kukagwa zovuta. Potsika ndinaona kuti pamtunda udzu unali wonyowa ndi mame wamba, koma pamene njira imayamba kulowa m'dambo kuzizira kunandigwira m'miyendo ngati ndaponda m'madzi. Kumunsi udzu unali woyera ngati wina wamwazapo ufa. Ndinaugwira, unali wolimba, n'kusungunuka pachala.

Ndinatsegula mpanda. Mkatimo munali mozizira kuposa panja. Mbande zinali chiimire, ndipo poyamba ndinati zapulumuka. Koma mtundu wake unali wina. Masamba anali akuda, olefuka, ngati ndiwo zomwe zaviikidwa m'madzi otentha pofutsa. Dzuwa litakwera anayamba kufiira kuyambira kumapeto kong'ambika kuja. Pofika masana anali ngati mapepala a thumba la simenti.

Si ine ndekha amene ndinalira tsiku limenelo. Tomato wa anthu a m'munsi monsemo anapsa, nyemba zinapsa, masamba a nthochi analendewera. Mpiru ndi kabichi zinali bwinobwino ngati palibe chachitika. Abambo ena a dimba loyandikana ndi lathu anati chisanu chowaula chotere chimatha zaka osabwera, ndipo anthu amachiiwala. Anasuzumira mumpanda mwanga n'kupukusa mutu. Iwo tomato wawo akanafesanso sabata yomweyo. Zanga zinali za madzinja awiri.

Madzulo ndinaimbira msuweni wanga. Ndinayesetsa kuti mawu amveke wamba.

"Kumeneko kunazizira?"

"Heve! Ndinagona ndi masokosi awiri. Mukanakhala mwamuna weniweni mukananditumizira bulangete."

"Nanga mbande?"

"Aa, zimenezo? Dikirani ndikaone." Ndinamva mapazi, chitseko, mayi ake akufunsa kuti ndani. "Zili bho. Ina nsonga yafiira pang'ono, ya kumapeto. Bwanji, zanu?"

"Zilipo," ndinatero, n'kudula.

Anali asanazione n'komwe tsiku lonse. Chimenecho ndi chomwe chinandipweteka kuposa zonse. Akanakhala kuti anazifunditsa, kapena anadzuka m'mamawa kukaziona, ndikanati wandiposa nzeru. Koma iye anazikankhira pakhoma lija chifukwa zinkamutchinga.

M'mawa mwake ndinazitutira kumtunda, pakhonde la nyumba yathu. Zinkaoneka zomvetsa manyazi, masamba ouma akuchita phokoso mphepo ikawomba. Kwathu nthochi ikakhala ndi masamba ouma timaisadzula, ndipo pakhomo poyembekezera mlendo sipakhala zinyalala. Ndinaganiza kuti amalume akazipeza zili zosamalika adzaona kuti sindinazitaye. Ndinanola mpeni n'kudula masamba onse opsa, bwinobwino, mofanana. Panatsala timitengo tokhala ndi tsamba lapakati lokha, lija losatambasuka, loima ngati mkondo. Kuzizira kunapitirira masiku otsatirawo, ngakhale sikunayerenso pansi.

Odwala aja atapezako bwino amalume anabwerera ku Chileka, ndipo anatumiza uthenga kuti abwera kudzaona mbande pa tsiku la tchuthi. Amayi anapha nkhuku. Ine ndinasesa bwalo mpaka kunjira, ndinapukuta machubu, n'kuwandandalika mwa msinkhu.

Anafika chakum'mawa ndi mwana wawo. Iye anayamba patali: "Azakhali, ndabwera kudzaona kumudzi kwa amuna anga!" Koma atafika pakhonde n'kuona timitengo tija, anatseka pakamwa. Sindinamuonepo atakhala chete, ndipo ndinadana nako kukhala chete kwakeko kuposa nthabwala zake.

Amalume analonjerana ndi amayi, anafotokoza za matenda, anamwa madzi. Kenako ananyamuka n'kukagwada pa machubu, dzanja lina lili pamsana.

"Unaziika kuti?"

"Kudimba, amalume."

"Kumunsi kuja?"

"Eya. Kuno kumawomba mphepo. Ndinamanganso mpanda."

"Wa denga?"

"Ayi. Wa m'mbali mokha."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Mphepo imazizira pakhungu la munthu," anatero. "Koma yomwe imapha mitengo si imeneyo. Kukakhala bata, kumwamba kopanda mtambo, kuzizira kumatsetsereka ngati madzi, kuchoka kumtunda kukadikha kudambo. Iwe unakumangira nkhokwe, n'kusiya pamwamba potsegula. Ukanangoziika pansi pa mango awa, kapena pakhoma apa." Anagwira pomwe ndinadula. "Nanga masamba?"

"Anali atapsa. Ndinati zioneke bwino."

"Opsawo ndi omwe akanatchinga mtima wake. Amadulidwa kukafunda. Wazivula malaya mu Juni, mphwanga." Kenako anati, "Inenso ndinalakwa. Ndinangoti kuzizira, osakuuza komwe kumagona."

Anayamba kugwira tsamba lapakati la mbande iliyonse n'kukoka pang'ono. Loyamba linangosololoka, kunsi kwake kuli kofewa, kwabulauni. Analinunkhiza n'kundipatsa. Linkanunkha ngati kabichi woola. Lachiwiri chimodzimodzi. Anapitiriza mzere wonse, akuika masambawo pansi mwaulemu ngati akuyala zovala za womwalira. Chakumapeto, pa ina yaing'ono yomwe nyerere zinkaikonda, anakoka koma sinalole. Anakokanso.

"Iyi ili moyo. Usaithirire kwambiri. Usaigwirenso ndi mpeni."

Amayi anali ataima pakhomo, manja ali m'chitenje. Anadziwa chomwe chikubwera.

"Achimwene, mwanayu sanagone tulo chifukwa cha mitengo imeneyi. Kudimbako ndinamuuza ndine. Ndi mphwanu uyu."

"Ndikudziwa, achemwali. Ndani sakudziwa kuti mwanayu ndi wakhama? Koma abwana aja ndinawalonjeza mzere wonse, ndipo ndikupita ndi theka. Ndikawauze kuti theka linafa, kenako ndiwapatse munthu yemwe linafera m'manja mwake? Akandiona bwanji?"

"Nanga mawu anu aja si munanena mukuseka?"

"Ndinanena ndikuseka, koma ndinanena."

Msuweni wanga anamasula sizasi pachitenje kuti abweze kwa bambo ake. Amalume anakankha dzanja lake. "Sunga. Ukaigwiritsa ntchito kumeneko."

Tinadya nkhuku ija. Ine ndinathira madzi osamba m'manja, kuyambira amalume, kenako msuweni wanga. Pondiyang'ana anayesa kubwezeretsa mawu ake a masiku onse. "Amuna anga, musatupe. Ndikakakhazikika ndidzakulembani ntchito yothirira." Amayi anaseka pang'ono kuti alendo asachite manyazi. Inenso ndinamwetulira. Pochoka ndinawaperekeza mpaka pasiteji, nditanyamula thumba la mbatata lomwe amayi anawapatsa, ndipo ndinawagwirira malo mu minibasi. Ikunyamuka, iye anatulutsa mutu pawindo n'kunena motsitsa, mopanda nthabwala, "Mbuzi ija munaithamangitsa ndinu. Ndinaona." Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kuthokoza. Ndikudziwa kuti sizinandithandize.

Msuweni wanga ali kuloji kuja mpaka lero. Anthu amati amagwira bwino ntchito, ndipo ndikukhulupirira, chifukwa alendo amamukonda ndipo zomwe sadziwa amafunsa mosachita manyazi. Ine ndinabwerera kunazale ya amalume, ndimadzazabe machubu. Amandikomera mtima, mwina kuposa kale, ndipo tsopano amandifotokozera zinthu mpaka kumapeto. Akandituma kumsika wa ku Chileka njira yake imadutsa pageti la loji ija. Mitengo ija yandipitirira kale msinkhu. Ndimachepetsa liwiro la njinga, ndipo ndisabise, maso anga amafunafuna tsamba lofiira. Ndikalipeza ndimapita ndili wopepuka. Nthawi zambiri sindilipeza. Ndimadziwabe kuti yachitatu kuchokera pageti ndi ija inayanikidwa sokosi, ndipo njere yake ndinasenda ndine.

Yanga ija ili pakhoma la nyumba ya amayi, pansi pa denga. Inatulutsa tsamba latsopano kutayamba kutentha, laling'ono, lopindika mbali imodzi. Amayi amathiramo madzi otsukuluzira mbale, ndipo ine ndimadziletsa kuipukuta. Amayi amanenabe kuti mwina abwana aja adzafuna munthu wachiwiri. Sindiwatsutsa, koma ine ndinaona pamene amalume anakankha dzanja la mwana wawo kuti asunge sizasi ija. Nkhani ya ntchitoyo inathera pomwepo, pakhonde pathu, pa tchuthi chokumbukira ufulu wa dziko lathu, pa 6 Julaye.